Shopu yathu ya vinyo inabadwira ku Valpolicella

Ntchito yoyamba imene ndinagwira ku Italy inali yothyola mphesa m'mapiri a Valpolicella, kumpoto kwa Verona. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mphesa zabwino kwambiri sankazifinya tsiku lomwelo. Ankaziyala m'mabokosi osaya n'kuzisiya m'nyumba yodutsa mphepo miyezi itatu kapena kuposerapo, mpaka zitafota. Ndinakumbuka amayi akuyanika mfutso pathandala. Mphesa zofotazo ndi zimene amapangira Amarone, vinyo wolemera amene mphamvu yake imafika 15 kapena 16 peresenti.

Kumeneko n'kumene ndinaphunzira kuti vinyo wa kuderalo sachokera ku mphesa ya mtundu umodzi. Corvina ndiye mwini nyumba, amabweretsa kakomedwe ka zipatso ndi kuwawasa pang'ono, Rondinella ndi Corvinone n'kumuthandizira. Ngakhale masese a Amarone sataya: amathirapo vinyo wamba wa Valpolicella kuti awirenso, n'kutuluka Ripasso.

Nditabwerera kumudzi, ine ndi mayi a kunyumba tinatsegula kashopu ku Lilongwe. Makasitomala oyamba ankafunsa funso limodzi: ndi wotsekemera kapena ayi? Sindinkawadabwa, poti vinyo amene ambiri tinazolowera ndi wa ku South Africa. Choncho tinapachika mapu a Italy pakhoma, mabotolo n'kuwasanja potsata madera.

Botolo la tambala wakuda pakhosi ndi Chianti Classico, wa m'mapiri a pakati pa Florence ndi Siena. Lamulo limati mphesa ya Sangiovese isachepere 80 peresenti, yotsalayo ikhoza kukhala Canaiolo kapena mitundu ina yofiira. Malire oyamba a derali anaikidwa kalekale, mu 1716. Vinyoyu payekha amawawasa, ena amachita tsinya, koma mukamwera nyama ya mbuzi yootcha amakhazikika bwino. Ine pamtima panga pali Cerasuolo di Vittoria wa ku Sicily. Mphesa ya Nero d'Avola imamupatsa thupi, ya Frappato imamupepuza, ndipo mu October dzuwa likaswa mtengo timamuziziritsa pang'ono. Ameneyu ndimamuuza aliyense wolowa pakhomo.

Mavuto alipo. Ndalama zakunja zikasowa, mashelefu amakhala pululu. Chaka china katundu wathu anakhala masiku ambiri paboda, m'lole, padzuwa, ndipo titatsegula botolo loyamba vinyo anali atapsa. Mayi a kunyumba analira. Sitinagulitse ngakhale limodzi, poti munthu amene akulawa Chianti koyamba akanaganiza kuti ndi mmene amakomera. Kuyambira pamenepo timaitanitsa katundu kuti adzafike mu June kapena July, kukuzizira.

Loweruka lomaliza la mwezi timatsegula mabotolo atatu, anthu n'kulawa. Mwezi uno tiyamba ndi Valpolicella wamba, kenako Ripasso, Amarone pomaliza, kuti aliyense amve yekha zimene kuyanika kumachita ku mphesa za dera limodzi.