Mfundo yoterereka ija ndathana nayo, shad wayamba kulowa m'chikwama

Anzanga a mbedza, nkhani ya mfundo ya pachingwe yomwe inkaterereka ija yatha tsopano. Loweruka pa miyala ya m'mbali mwa nyanja ya Inyoni Rocks ku Amanzimtoti, kufupi ndi Durban ku South Africa, nyambo yanga inakhala pa kuya komwe ndinaiika kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa litaswa mtengo, ndipo ndinabwerako ndi shad atatu onenepa bwino, nsomba ya m'nyanja yamchere ya mano akuthwa ija. Wachinayi anandipulumuka pamphepete penipeni pa thanthwe. Bola, chifukwa malire ndi anayi pa munthu patsiku, ndiye boma silinandidandaule.

Amene simunatsatire vutoli, linali ili. Ndimawedza ndi fuloti yoyenda pa chingwe: mfundo yoimitsa pamwamba, kamkanda, fuloti, mtovu, swivel (kachitsulo kozungulira koletsa chingwe kupotana), kenako waya ndi mbedza. Shad akamasaka amayenda chapamwamba, ndiye nyambo ndimafuna ilendewere mita imodzi ndi theka kapena awiri pansi pa fuloti. Ndikaponya koyamba zonse bwinobwino. Ndikangoponya kangapo, mfundo yakwera yokha, nyambo yatsikira pansi, mbedza yakola m'miyala. Apo ndiye kukoka mpaka phwii, waya wapita, mtovu wapita, fuloti ikuyandama kulowera ku Bluff, chaku Durban uko, ine ndikuionerera. Masabata apitawa zida zomwe ndasiya m'miyala imeneyi zikanakwana kutsegulira okala.

Gwero lake ndi braid, chingwe chowedzera cholukidwa ndi timaulusi. Chingwe chimenechi n'choterera, ndipo mfundo ikamadutsa m'mphete za ndodo poponya, mphete iliyonse imaikankha pang'ono. Ndinayesa timaraba togula toimitsira fuloti tija. Tikakhala tothina timakola pa mphete ya kunsonga, nyambo n'kuthothoka mum'lengalenga, nyanja n'kudya yaulere. Tikakhala tomasuka timatsetsereka kuposa mfundoyo. Ndinayesa kumanga ndi braid yomweyo, inkaterereka. Ndinayesa ulusi wopyapyala ndikukoka mwamphamvu, unayamba kudya chingwe chenichenicho, ndipo pamalopo mpamene pankadukira.

Chomwe chagwira ntchito ndi kuchotsa mfundoyo pa braid. Ndalumikiza nayiloni ya 0.50 mm, mamita asanu ndi limodzi, kumapeto kwa braid ndi FG knot, mfundo yopyapyala yolumikizira zingwe ziwirizi, ndipo zonse zikuyenda pa nayiloniyo. Mfundo yoimitsa ndamanga ndi ulusi wotsukira m'mano uja wa phula, kuzunguliza kasanu ndi kamodzi, kunyowetsa ndi malovu, kukoka pang'onopang'ono. Ndamanga ziwiri zogundana, yakumbuyo ikuchirikiza yakutsogolo. Koma chachikulu ndi timichira. Musatidule tifupike. Kamchira kakafupi kamauma ngati munga, kamagunda mphete. Ndasiya masentimita atatu mbali zonse, timangogona n'kudutsa mwakachetechete. Kamkanda nako kakhale ka bowo laling'ono, apo ayi mfundo imalowa m'kati mwake n'kukakamira, fuloti osatsetserekanso.

Ena pathanthwepo akuti ndikuzivutitsa, bwanji osangomangirira bung, ndiye kuti fuloti, pamalo amodzi monga amachitira aliyense. Pa madzi osaya n'zoona. Koma yesani kuponya nyambo ikulendewera mamita awiri kunsonga kwa ndodo, kumbuyo kwanu kuli thanthwe ndi anthu ali phewa ndi phewa. Mukola chipewa cha munthu, kapena khutu.

Timikanda timeneti ndinatipeza kwa bambo wina wachimwenye amene ali ndi kashopu ka zida ku Isipingo. Mafuloti ake ndi a mtengo wabwino, ndipo sardine wake amakhala wouma gwa, wamaso owala, osati uja wosungunuka n'kuumitsidwanso amene amafewa ngati phala ukamamudula. Bamboyu salankhula zambiri, koma akakuuza kuti mphepo ya kumpoto chakum'mawa yaipitsa madzi, usavutike kudzuka usiku. Ndiye anandiuzanso kuti ndichepetse waya. Shad mano ake ndi lumo, nayiloni amaidula kamodzi, koma waya wautali amamuona m'madzi oyera. Pano ndikuika wa masentimita khumi okha, nyambo ndikudula chidutswa cham'mbali mwa sardine, mnofu kunja, n'kukulunga ndi ulusi wotamuka womangira nyambo uja.

Fuloti yaing'ono ya karanteen, kansomba ka m'miyala kaja, ndimasemabe ndekha. Kwathu ku Nkhotakota tinkadula patapata wakutha n'kuboola pakati, ndipo mpaka lero palibe ya m'shopu imene imandionetsa kujompha kwa nsomba yaing'ono kuposa imeneyo. Karanteen kamwa kake ndi kakang'ono, amadya ndere za m'miyala, ndiye mbedza ikhale yaing'ono ndi kachidutswa ka sardine kapena prawn. Madzi akamadzaza, ponyani m'thovu loyera m'mbali mwa thanthwe. Osayiwala muyeso: karanteen masentimita 15, khumi patsiku, shad masentimita 30. Ine ndinalemba mizere pa chivundikiro cha ndowa kuti tisakangane ndi oyendera malamulo. Chiphaso chowedzera nacho chizikhala m'thumba, ndipo nsomba za chiphaso chimenechi sitigulitsa, ngakhale achimwene a ku fulati akunyengerereni bwanji.

Chinthu china chomwe sichinandikhutitse ndi mtovu. Fuloti ya magalamu 30 ndi mtovu wa 20 ikutuluka kwambiri pamwamba, mphepo ikumaikoka ngati tanga kubwerera nayo kumiyala. Ndikufuna kuwonjezera mpaka ingotsala nsonga yofiira yokha, koma mafunde akakula ndiye sindiiona. Mwina ndipenta nsongayo yakuda, popeza m'mawa dzuwa limatulukira m'nyanja momwemo, kuwala kumakulasa m'maso.

Kuwedza shad kumatsekedwa kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Novembala, ndiye nthawi yatsala yochepa. Isanakwane ndikufuna ndiyese karanteen wamoyo pansi pa fuloti yaikulu, mwina garrick, nsomba yaikulu yosaka zinzake, angadutse. Ameneyo ayenera kufika masentimita 70, ndipo reel yangayi, chokulungira chingwe chija, sindikudziwa ngati ingapirire. Zikatheka, chaka chamawa sardine akamakwera m'mbali mwa gombe mu Juni ndidzawatsatira kuyambira ku Port Edward, kum'mwera uko, thanthwe ndi thanthwe, mpaka kuno. Galimoto ndilibe, tidzaona. Amene muli ndi mafuloti owala usiku, amagwira batire nthawi yaitali bwanji m'madzi amchere?