Kujambula NGC 1365 mvula isanagwe

NGC 1365 ndi mlalang'amba wa m'gulu la nyenyezi la Fornax. Pakati pake padutsa mpiringidzo wowongoka wa nyenyezi, ndipo kunsonga iliyonse ya mpiringidzowo kwatuluka mkono wopindika. Kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 56 miliyoni kuti kutifike. Katswiri wa zakuthambo James Dunlop anauona koyamba mu 1826 ali ku Australia, ndipo kuno ku Lilongwe umakwera m'mwamba mpaka madigiri pafupifupi 68 kuchokera pansi, mwayi umene anzathu a ku Ulaya alibe.

Mlalang'ambawu umafika pamwamba pakati pa usiku mu Novembala, mitambo itayamba kale. Choncho ndinasankha Okutobala, mwezi uli kumdima, n'kumadikira mpaka cha m'ma 2 koloko usiku. Utsi wa lupsa umakhala ulipo ndithu, koma umachuluka cham'munsi.

Ntchito yaikulu inali pa mount, chipangizo chotembenuza telesikopu kuti izitsatira thambo. Mount imayenera kuloza ndendende pamalo amene thambo lonse limaoneka ngati likuzungulirapo, koma kum'mwera kuno tilibe nyenyezi yowala yolozera. Sigma Octantis, nyenyezi yapafupi ndi malowo, ndi yozimiririka, komanso imakhala madigiri 14 okha kuchokera pansi, mu utsi momwemo. Ndinagwiritsa ntchito pulogalamu ya NINA, imene imajambula malo atatu n'kundiuza koti ndipotozere zomangira. Apa sindinathamange, chifukwa mount ikapendama pang'ono nyenyezi zimatuluka ngati timizere, ndipo palibe pulogalamu yoti n'kuzikonza bwinobwino pambuyo pake. Kenako ndinaika Bahtinov mask, chivundikiro cha mipata chothandiza kupeza fokasi, kutsogolo kwa telesikopu kuti nyenyezi zithwe, n'kuyatsa pulogalamu ya PHD2 kuti izilondera nyenyezi imodzi usiku wonse.

Chithunzi choyamba cha masekondi 180 chinangoonetsa kadontho kowala ndi kamzere ka mpiringidzo. Mikono inali isanaoneke. Mlalang'ambawu ndi waung'ono pathambo, m'litali ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kukula kwa mwezi, ndipo mikonoyo ndi yozimiririka kwambiri moti imafuna maola ambiri a zithunzi zophatikiza. Ndinapitiriza mpaka mbandakucha. Ndisanachotse kamera ndinajambula ma flat, zithunzi zochotsera zipsera za fumbi, ndi ma dark, zithunzi zakuda zojambula telesikopu itatsekedwa.

Pa kompyuta ndinataya zithunzi zonse zimene mphepo inagwedeza, zotsalazo n'kuziphatikiza mu pulogalamu ya Siril. Pokoka kuwala pang'onopang'ono mikono ija inatuluka, yabuluu chifukwa cha nyenyezi zatsopano, komanso mizere yakuda ya fumbi yotsata mpiringidzo kulowera pakati. Ndi mizere imeneyi imene ndinkaifunitsitsa, poti ikuonetsa njira imene mpiringidzo umakokera mpweya ndi fumbi kupita kuchimake, komwe kuli black hole yaikulu, malo a mphamvu yokoka kwambiri moti ngakhale kuwala sikungathawemo.

Chimakecho n'chowala kwambiri moti pa masekondi 180 chimangoyera mbee. Ndinawonjezera zithunzi zazifupi za masekondi 30, n'kuziika pakatipo pokha, kuti fumbi lioneke mpaka pomwe likuthera.