Bondo lopanda pepala

Sabata yathayi odwala ambiri anali omwe aja a masiku onse: anyamata a njinga zamoto othyoka msongolo, mwana wogwa mu mtengo wa mango, mayi amene anaterereka akuchapa kumtsinje. Anzanga a mafupa mukuzidziwa izi, sindichulutsa gaga m'diwa. Mabandeji a chikhakha anatha Lachiwiri, ndiye tinkangouza abale kuti akagule okha ku famasi. Ena anagula, ena anangosowa osabweranso. Kutentha nako kwa Novembala kuno ku Tete simufuna kuuzidwa.

Chandilembetsa ndi nkhani ya bambo wina wachikulire wa ku Angónia amene anafika Lachitatu m'mawa, mwana wawo wamwamuna atawagwira mkono. Anagwirapo ntchito m'migodi ku Joni, ndipo ali konko, zaka zoposa 15 zapitazo, anawaika bondo lachitsulo. Anabwerera kumudzi n'kumalima kachewere ngati wina aliyense. Koma chaka chino bondolo layamba kutupa, limalira akamayenda, ndipo nthawi zina limangogonja osawachenjeza. Mwendo wayamba kupindikira kunja ngati uta.

X-ray inatuluka bwino. Chitsulo cha kumtunda chimene chimavala fupa la ntchafu chinali m'malo mwake. Mbale ya pansi yokhala pa fupa la msongolo nayo inali yokhazikika, panalibe mzere wakuda pakati pa simenti ndi fupa wosonyeza kuti yagwedera. Vuto linali pakati. Pulasitiki sioneka pa X-ray, timangoona mpata umene imasiya, ndipo mpatawo mbali ya mkati unali utatsala pang'ono kutsekeka. Yadyeka. Adokotala athu atayang'ana anati ngati mulibe tizilombo ndipo zitsulo zagwiradi, n'zotheka kungosintha pulasitikiyo basi, opaleshoni yocheperapo kwambiri poyerekeza ndi kugumula zonse. CRP, kuyeza magazi kosonyeza ngati m'thupi muli kutupa, sitinayeze chifukwa mankhwala a ku labu anatha kalekale. Tinayeza VS, kuyeza magazi kwina kosonyezanso kutupa, tinapopa madzi a m'bondo, anatuluka opanda mafinya. Mpaka apa zinthu zinali kuyenda.

Chinatsala ndi kudziwa kuti bondolo ndi la kampani iti. Amene simunaonepo: chidutswa chilichonse chimabwera m'bokosi lake muli timapepala tomata, polembedwa dzina la kampani, nambala ya chidutswacho, saizi ndi nambala ya gulu limene chinapangidwira. Ku fiyeta amatimata pa lipoti la opaleshoni. Popanda timeneti palibe amene angakugulitseni pulasitiki, ndipo amachita bwino kukana.

Ndinawafunsa kuti, "Bambo, pepala limene anakupatsani ku Joni lija mudakali nalo?"

Anandiyang'ana modabwa. "Adokotala, si ndinalisiya konkuno? Chaka chija ndinagonekedwa ndi BP. Anati tiliike mu fayilo kuti lisasowe."

Mwana wawo anavomereza. Anati bambo ake ankalisunga m'pulasitiki pansi pa sutikesi, pamodzi ndi mapepala a penshoni, zaka zonsezo osanyowa ngakhale pakona. Linabwera kudzatayika m'manja mwa chipatala.

Masana ndinapita ku arquivo, chipinda chosungira mafayilo, ndi mlembi wa kumeneko. Denga la chipindacho linayamba kudontha dzinja la dzana, mafayilo akale anawalonga m'matumba a fetereza n'kuwaunjika pansi, ndipo chiswe chinapeza phwando. Tinamasula matumba mpaka dzuwa kupendeka, manja akuda bii, koma zimene tinkatulutsa zinali dothi losakanikirana ndi zidutswa za mayina a anthu. Mlembiyo sindimuimba mlandu. Anandionetsa makalata amene wakhala akulemba kupempha malata ndi mashelefu, onse ali ndi chidindo chakuti alandiridwa. Chaka chomwechi maofesi a akuluakulu apentedwa ndipo aikamo makina oziziritsa mpweya.

Usiku ndinali pa ntchito, ndipo kutakhala bata ndinatsegula kompyuta ya mu ofesi. Ndinaganiza kuti popeza kampani iliyonse imateteza kapangidwe kake ndi patenti, zojambula zake ziyenera kukhala poyera. Ndi zoonadi. Lamulo la patenti ndi msinthano: boma limakupatsa zaka 20 kuti wina asapange chinthu chako popanda chilolezo, iwe n'kuulula poyera mmene chimapangidwira. Pempho limasindikizidwa pakapita miyezi 18, ndipo aliyense atha kuliwerenga ulere pa intaneti, pa Espacenet kapena Google Patents. Mawondo oika m'thupi ali pa gulu la A61F 2/38. Mukalakwitsa n'kulowa pa A61F 2/64 mupeza mawondo a miyendo yovala ya anthu odulidwa, imene ndi nkhani ina.

Zimene ndinapeza mmenemo ndi nyanja. Ndinaika X-ray pawindo la nyale, n'kumayerekeza chomera cha pansi pa mbale chimene chimalowa m'fupa: kutalika kwake, mapiko ake awiri, mmene apendekera. Kenako mmene pulasitiki imagwirira pa mbaleyo. Apa ndi pamene mutu unaima. Kampani ina pulasitiki yake imalowa chotsetsereka mu kanjira kosongoka, ina imakanikizidwa n'kugwidwa ndi mlomo wozungulira mbale yonse, ina imakhomedwa ndi kachitsulo kopingasa kutsogolo, ina ili ndi sikuluwu pakati, ina simangidwa n'komwe koma imazungulira pa chikhomo. Iliyonse ili ndi masamba ake ofotokoza chifukwa chake ndi yosiyana ndi zonse zimene zinabwera kale.

Chodabwitsa n'chakuti maziko a bondoli ndi akale. Themistocles Gluck anayesa kuika bondo la mnyanga wa njovu ku Berlin mu 1890. Börje Walldius wa ku Sweden anabwera ndi lokhala ndi hinji m'zaka za m'ma 1950. Limene timaliona masiku ano, chitsulo pamwamba ndi pulasitiki pansi, linakhazikika mu 1974 ku Hospital for Special Surgery ku New York, ntchito ya John Insall, Chitranjan Ranawat ndi Peter Walker. Mu 1978 Insall ndi Albert Burstein anawonjezera chikhomo cha pulasitiki pakati chogwira ntchito ya mtsempha wa kumbuyo umene umadulidwa. Kuyambira pamenepo zambiri zimene zalembetsedwa ndi kusintha kwa apa ndi apo: kupindika kwa chitsulo, mtundu wa pulasitiki, ndi kagwiridwe kaja.

Ndinayamba kumuganizira munthu amene amaunika mapempho amenewa. Amakhala mu ofesi ku Munich kapena ku Alexandria ku America, kapena kwa ife kuno ku ARIPO, bungwe la mapatenti la maiko ena a mu Africa lomwe lili ku Harare, kumene Mozambique, Malawi ndi Zambia onse ndi mamembala. Mafunso ake ndi atatu. Kodi chinthuchi n'chatsopano, sichinalembedwepo kapena kuonetsedwa kwina kulikonse pa dziko? Kodi katswiri wamba wa ntchitoyi sakanachiganiza yekha mosavuta poona zimene zilipo kale? Kodi chingapangidwe m'fakitale? Amatenga ndime zimene wopemphayo walemba kuti izi ndi zanga, amafufuza mapatenti akale ndi zolemba za madokotala, n'kumuyankha kuti ndime yakutiyakuti inalipo kale. Wopemphayo amachepetsa zonena zake, amawonjezera kakona kena kapena kamlomo kena, mpaka papezeke kanthu kamene palibe anakalembapo. Kachitidwe ka opaleshoni yeniyeniyo m'maiko ambiri sapereka patenti, koma chitsulo ndi zida zake amapereka.

Wounika mapemphoyo sindikumuda, ntchito yake amaigwira monga lamulo linenera. Koma pa mafunso ake atatuwo palibe lofunsa ngati chidutswachi chidzalowane ndi cha kampani ina, kapena ngati chidzapezeke zaka 15 zikubwerazi kwa munthu wolima kachewere ku Angónia. Kusiyana kumene kumachititsa kuti pempho livomerezedwe n'komweko kumene kumatimanga manja ife. Pa msika wa ku Ulónguè njinga yakapalasa ikathyoka pedulo mumagula ya kampani iliyonse n'kumanga, mukupita. Bondo la munthu ayi.

Ndipo musaganize kuti ndi lamulo la patenti likutiletsa kuno. Patenti imagwira m'dziko limene inalembetsedwa basi. Ya ku America ilibe mphamvu ku Mozambique pokhapokha mwini wake atailembetsanso kudzera ku IPI, ofesi ya boma ya mapatenti ku Maputo, kapena ku ARIPO. Komanso bondo loikidwa zaka zoposa 15 zapitazo kapangidwe kake n'kakale kuposa pamenepo, zaka 20 zija ziyenera kuti zinatha kapena zili kumapeto. Koma kutha kwa patenti sikubweretsa fakitale. Palibe amene amapanga pulasitiki yolowa m'mbale ya mnzake, ndipo dokotala wanzeru sangasakanize zidutswa za makampani awiri m'thupi la munthu. Kampani ikasiya kupanga mtundu wakale, kapena ikagulidwa ndi ina, odwala amatsala ndi chitsulo cha umasiye.

Mmene kunkacha n'kuti nditatsala ndi makampani awiri amene zojambula zawo zinkafanana ndi X-ray ija. Ndinawaonetsa adokotala. Anaseka pang'ono, anati, "Mwalimbikira, koma zojambula za patenti si katalogi." Akunena zoona. Patenti imalemba dzina la kampani koma kawirikawiri siitchula dzina limene chinthucho chimagulitsidwira, ndipo zambiri zojambulidwa mmenemo sizinapangidwepo n'komwe. Ngakhale titadziwa mtundu, saizi ya mbale ndi kunenepa kwa pulasitiki tizidziwa bwanji? Kutsegula bondo la munthu uli ndi zidutswa zongoganizira pa tebulo ndi kusewera ndi mwendo wake. Anatumiza chithunzicho pa gulu la WhatsApp la madokotala a mafupa, ndipo mayankho anabwera ogawanika pakati pa makampani awiri omwewo.

Mwana uja anayesa kuimba ku chipatala cha ku Joni ndi mayunitsi ake. Anamuuza kuti chipatalacho chinasintha eni, ndipo kuti afufuze m'mafayilo akale akufuna nambala ya fayilo. Nambalayo inali pa pepala lomwe lija.

Lachinayi masana anandiitana kwa a shefi. Ndinkayesa ndi za arquivo, popeza m'mawa ndinali nditalemba lipoti. Ayi ndithu. Ankafuna kudziwa chifukwa chimene intaneti ya mu ofesi inagwiritsidwa ntchito usiku wonse, ndipo anati ndilembe kalata yofotokoza. Ndinailemba, n'kumata kumbuyo kwake chithunzi cha matumba a fetereza aja. Za denga anati zili mu pulani ya chaka chamawa. Chaka chatha ananenanso chimodzimodzi, mlembi uja ndi mboni.

Lachisanu tinawalembera bambowo guia, kalata yowatumiza ku chipatala chachikulu ku Maputo. Popanda kudziwa mtundu wa bondo, njira imene yatsala ndi kuchotsa zonse, zitsulo zimene zagwira bwinobwinozo kuzigumula pamodzi ndi simenti, fupa lina n'kupita nawo, kenako kuika lina la zomera zazitali. Kwa munthu wa msinkhu wawo, wa BP, si opaleshoni yamasewera. Ku Maputo kuchokera kuno ndi makilomita pafupifupi 1,500, ndipo tsiku silinaperekedwe. Mwana wawo anandifunsa kuti, "Nanga achimwene, tikadikira mpaka tikolole kachewere, chichitike n'chiyani?" Ndinamuuza mosabisa kuti pulasitiki ikatheratu chitsulo chiyamba kudya chinzake, ndipo tizidutswa take tikamwazika m'bondo timafooketsa fupa lozungulira. Tinawapatsa ndodo ziwiri, chomangira bondo ndi mankhwala a ululu, n'kuwaletsa khasu. Bambowo anangoti, "Tamva adokotala," koma mvula ili pafupi kugwa ndipo tonse tikudziwa kumene adzakhale.

Loweruka kunabwera ngozi ya chapa, minibasi yonyamula anthu, pa msewu wa ku Zóbuè, ovulala anayi, mmodzi fupa la ntchafu, ndipo tinagwira mpaka usiku ndi mabandeji obwereka ku wodi ya ana.

Anzanga amene mumagwira kumene amaika mawondowa, ku Blantyre, ku Lusaka kapena ku Joni komweko: mbale ya pansi ya bondo la bambowa ili ndi chomera chachifupi cha mapiko awiri opendekera kumbuyo, kutsogolo kwake kukuoneka kachitsulo kopingasa kokhomera pulasitiki, ndipo chitsulo cha kumtunda chili ndi bokosi pakati. Ngati wina mwaizindikira, kapena muli ndi katalogi yakale ya zaka za m'ma 2000, nenani pansipa ndikutumizireni X-ray ndi dzina litafufutidwa.