Pomwe ndafika ndi mapu a madzi osefukira

Gawo loyamba la mapu anga osonyeza malo amene madzi angasefukire latha, ndipo ndalikonza lonse pa QGIS, pulogalamu yaulere yopangira mapu pa kompyuta. Maziko ake ndi deta ya SRTM yonena za kukwera ndi kutsika kwa nthaka, imene chombo cha m'mlengalenga cha Endeavour chinayeza mu February 2000 ndi radar, chida chimene chimatumiza mafunde pansi n'kulandira amene abwerera. Kabokosi kalikonse pa mapuwa kakuimira malo a mamita pafupifupi 30 mbali zonse.

Ndinatsata njira yotchedwa HAND, imene imawerengera kuti malo aliwonse ndi okwera motani poyerekeza ndi mtsinje umene madzi ake amatsikirako, ndipo malo otsikitsitsa ndinawapaka utoto wofiira.

Chimene chandichedwetsa kwambiri ndi mitengo. Radar ya SRTM sinkafika pansi m'malo a nkhalango, koma inkagunda m'nthambi ndi pa madenga a nyumba, kotero kuti pamene mitengo yandandalika m'mphepete mwa mtsinje, kompyuta imaona ngati pali mtumbira wotchinga madzi, ndipo chigwa cha kuseri kwake chimaoneka chotetezeka pamene sichili choncho. Pofuna kutsimikiza, ndinasanjika pamwamba pake chithunzi cha setilaiti ya Sentinel-1 chojambulidwa mtsinje utadzaza. Radar yake imadutsa m'mitambo, zomwe n'zofunika chifukwa madzi amasefukira kumwamba kutaphimba, ndipo madzi odekha amaoneka akuda pa chithunzi popeza amabweza mafunde a radar kumbali ina. Mdima umenewo unalowa ndithu kuseri kwa mitengo ija, pamene mapu anga panalibe kadontho kofiira. Komabe chithunzichi sindichikhulupirira ndi maso otseka, pakuti msewu wa ndege nawonso umada chimodzimodzi.

M'maganizo mwanga, zimene ndili nazo panopa zikungosonyeza kumene madzi angapite, osati amene angavutike nawo. Dambo lopanda anthu likhoza kufiira lonse popanda wodandaula, pamene mlatho umodzi wolowera ku chipatala ukamizidwa, anthu ambiri amasowa mtengo wogwira. N'chifukwa chake ndayamba kutsitsa deta ya nyumba, misewu ndi milatho kuchokera ku OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti, ndipo ndikamaliza ndibwerezanso kuwerengera konse ndi deta ina ya kukwera ndi kutsika kwa nthaka, ya Copernicus, yomwe inayezedwa pambuyo pa SRTM, kuti ndione ngati mtumbira wabodza uja uchepeko.