Akuti ndine waulesi chifukwa ndakana kuyala pa simenti yaiwisi

Lolemba ndi Lachiwiri palibe chonena: matailosi a m'bafa ku Kalongwezi, mwini nyumba wosavuta. Mutu unandiwawa kuyambira Lachitatu, a ku kampani yathu atanditumiza kukayala vinyl, kapeti wa pulasitiki womata pansi ndi guluu, m'zipinda zitatu pa kiliniki ina yomwe ikumangidwa m'mbali mwa Great East Road, njira ya ku Katete.

Ndisanatsitse n'komwe zida, fungo la simenti yosauma linandilandira pakhomo. Mawindo onse otseka, akuti poopa akuba. Ndinafunsa afolomani kuti screed, simenti yosalazira pansi ija, anathira liti. "Masabata awiri apitawo, bambo. Onani, payera mbee." Kuyera kwa pamwamba! Screed yake ndi yokhuthala mamilimita 50. Anzanga a ntchitoyi mukudziwa mmene timawerengera kuuma kwake: milimita imodzi pa tsiku mpaka 40, kupitirira apo imazengereza, ndipo kuwerenga kumeneko kumagwira ngati mphepo ikudutsa m'nyumba. Uno ndi February. Ku Chipata kuno mvula ikugwa pafupifupi madzulo aliwonse, malaya pachingwe akugona masiku awiri.

Chimene chimandinyansa n'chakuti mabwana amatiuza okha kuti vinyl sitiyala chinyezi chikapitirira 75 peresenti, koma hygrometer ya kampani, chopimira chinyezi, ndi imodzi, ndipo ikukhala ku Lusaka, makilomita oposa 500 kuchokera pomwe ndaima. Ndipime ndi lilime?

Ndinachita zachikale. Ndinadula mapulasitiki, lililonse pafupifupi theka la mita mbali zonse, n'kuwamata pansi ndi tepi m'chipinda chilichonse, lina m'sitolo ya mankhwala. Lachinayi m'mawa nditavundukula, madontho ali mbwee ngati pa chivundikiro cha mphika wa nyemba, pansi pake pada bii. Pulasitiki likatuluka louma sindilikhulupirira kwenikweni, koma likanyowa chonchi palibenso mkangano.

Ndinajambula, ndinatumiza pa WhatsApp, bwana anaimba. Akuti nyumba iperekedwa sabata yamawa, ndiye tiyatse mbaula m'zipindamo usiku wonse. Mbaula! Imaumitsa khungu lokha, madzi ali m'kati phee, mwinanso screed n'kung'ambika. Ndinati titsegule mawindo, tibweretse mafani, tidikire mwezi wina. Ngati kudikira sikutheka, agule DPM yopaka ya epoxy, mankhwala otchinga chinyezi kuti chisakwere.

"Ndalama zake mulipira ndinu, amisiri?"

Ndinawakumbutsa za ku Lundazi chaka chatha. Kumeneko ndinamvera. Patapita miyezi iwiri vinyl inachita matuza, guluu wasanduka phala, majoini atayasama, fungo lake ngati nsalu yoiwalika mu ndowa. Amene anadulidwa malipiro ndine, amene anandikakamiza sanataye ngakhale ngwee. Foni inadulidwa ndisanamalize. Madzulo afolomani anandinong'oneza kuti ku ofesi akuti ndikufuna kutalikitsa ntchito kuti ndidye masiku.

Lachisanu anandibweza ku Kalongwezi kukatseka mizere ya matailosi. Ku kiliniki anatumiza anyamata awiri, mmodzi ndinamuphunzitsa ndine kugwira mpeni. Sindikumuimba mlandu, ali ndi mwana wakhanda.

Loweruka ndinapita ku kiliniki kuja kukatenga rola yanga yotsindirira vinyl. Zipinda zitatu zonse zayalidwa, zikunyezimira, afolomani akujambula zithunzi. M'sitolo ya mankhwala, momwe vinyl sinakwane, pulasitiki langa linali likadali pomwe ndinalimatanso Lachinayi. Ndinalitukula pangodya, madzi anayenderera pachala. Ndinalimata bwinobwino, n'kulemba tsiku pa tepi ndi maka.