Mmene ndinaikira mudzi wathu pa mapu

Alamu anga a ku Johannesburg anasochera pobwera kudzamanga chiliza cha agogo. Foni yawo inkangoonetsa msewu wa M1 ndi msika wa Lizulu, kwinako mbee, ngati kulibe anthu. Mphwanga ndiye anandiuza za OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene anayamba ku Britain mu 2004, omwe aliyense amaloledwa kulembapo.

Kulembetsa sikunavute: imelo, dzina, mawu achinsinsi, kenako kutsimikiza pa uthenga umene amakutumizira. Pa foni zala zinkangophonya, ndiye ndinabwereka laputopu, n'kugula bandulo yokwanira, poti zithunzi za setilaiti zimadya data ngati chiswe.

Ukadina Edit, mapu amasanduka chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba. Apa ndiye panandithera nthawi. Kwanu ukakuonera m'mwamba sukuzindikira ayi. Nyumba za malata zimanyezimira, koma zaudzu zimangofanana ndi dothi. Chinandipulumutsa ndi manda. Mitengo yonse anthu anatha n'kudula, koma ya kumanda palibe amaikhudza, choncho pachithunzipo pamaoneka kachigamba kobiriwira bii pakati pa minda. Nditapeza kathu, ndinatsata kanjira kopita kudambo mpaka ndinaona denga la tchalitchi.

Ndinapezanso kuti wina anali atajambula kale timabokosi pa nyumba zambiri, mwina munthu wakutali amene sanapondepo ku Ntcheu. Ntchito anaigwira bwino, koma dzina panalibe ngakhale limodzi.

Ndinadina Point, n'kuika kadontho pabwalo la amfumu, n'kusankha Village. Pa dzina ndinakakamira. Pa chikwangwani cha sukulu limalembedwa ndi r, ife timatchula ndi l. Ndinaimbira amalume.

"Amalume, kodi lolondola ndi liti?"

"Iwe, funsa chidindo cha amfumu. Chimene chili pamenepo ndi chomwecho."

Ndinatsata chidindo, linalo n'kuliika ngati dzina lachiwiri kuti wofufuza alipezebe. Kukopera ku Google Maps n'koletsedwa kumeneko. Umalemba zimene ukudziwa wekha kapena zimene waona pa zithunzi zololedwazo. Ndinawonjezera mjigo ndi chigayo. Njira ya ngolo ndinaijambula ndi Line, koma sindinaitche msewu, kuopa kuti wina angadzalowemo ndi galimoto nthawi yadzinja n'kutitimira.

Musanadine Save, yang'anitsitsani mbali imene mwaika zinthu. Pa Lizulu msewu ndiwo malire, ndipo ine chigayo china ndinachiponya ku Mozambique osadziwa, mpaka ndinaona mzere wa malire ukudutsa kumbali kwake. Ukamasunga amafuna ulembe mawu ochepa ofotokoza zimene wasintha, kenako Upload.

Patangopita mphindi zochepa, dzina linatulukira pa mapu. Pa Organic Maps, pulogalamu ya pa foni ya alamu imene imatenga mapu ake ku OpenStreetMap, linachedwako masabata angapo, ndipo litafika ananditumizira chithunzi pa WhatsApp, n'kufunsa chifukwa chimene sindinaikepo golosale ya akazi awo.