Maimelo a ku ofesi azikhala pa seva, osati mu laputopu ya munthu

Anzanga amene mumayang'anira ma seva a imelo m'maofesi ang'onoang'ono, kaya pa sukulu kaya pa kabungwe ka anthu ochepa, chonde achotseni anthu anu pa POP3, njira yakale yotengera maimelo ku seva, muwaike pa njira ina yotchedwa IMAP. Zimandiwawa kwambiri ndikapeza ofesi yonse ikadali pamenepo.

POP3 inapangidwira nthawi ija munthu ankalowa pa intaneti kudzera pa lamya ya m'nyumba, kukoka makalata onse mwachangu n'kudula. Imatenga kalata n'kukaiika mu kompyuta yako, ndipo ukapanda kuchonga poti isiye kope, ku seva sikutsala kanthu. Ndiye taganizani akauntanti akhala akukokera maimelo mu laputopu zaka ndi zaka, laputopu ija yabedwa mu minibasi, ma invoice onse, makalata onse a ma donor, zapita nayo limodzi basi. Ngakhale mutasiya kope pa seva vuto silitha, chifukwa POP3 imangodziwa Inbox yokha, mafoda sikuwadziwa, zimene munthu watumiza pa laputopu sazipeza pa foni.

IMAP, imene Mark Crispin anaiyambitsa ku Stanford mu 1986, imasunga chilichonse pa seva, foni ndi kompyuta zimangoonetsa zimene zili kumeneko. Mukawerenga kalata pa foni muli ku Mzuzu, mukafika pa desiki ku Lilongwe mupeza ikuoneka kuti yawerengedwa kale, yankho lanu lili mu Sent. Komanso imapulumutsa bandulo, poti foni itha kungotsitsa mitu ya makalata, attachment yaikulu n'kudikira mpaka mutaidina nokha.

Ine ndimaika Postfix ndi Dovecot pa Debian kapena Ubuntu. Postfix ndi amene amalandira ndi kutumiza makalata, Dovecot ndi amene amatsegulira munthu bokosi lake ali kutali. Makalata asungeni mu Maildir, kalata iliyonse fayilo yakeyake, osati mbox imene imaunjika zonse mu fayilo imodzi yoti ikawonongeka mulira nayo. Koma chenjerani potengera ma setting pa intaneti, Dovecot 2.4 inasintha maina a zinthu zambiri, mail_location ya mu 2.3 ija kulibenso, ndiye yambani mwaona version imene muli nayo musanakope chilichonse.

Pa nkhani ya ma port, manambala a zitseko zolowera pa seva, ndi pamene ndikupemphani kuti musachite ulesi. IMAP yopanda chitetezo imayenda pa 143, POP3 pa 110, ndipo munthu akalowa popanda TLS (njira yobisa zimene zikuyenda pa intaneti) ali pa WiFi ya pa lodge zili ngati wafuula pasiwedi yake pakati pa msika. Tsegulani 993, port ya IMAP ya TLS, lembani ssl = required mu Dovecot, seva izikana aliyense wofuna kulowa osabisa pasiwedi. Setifiketi ya TLS sivutanso masiku ano, Let's Encrypt amapereka yaulere, kungoti imatha pakapita masiku 90. Certbot, pulogalamu yotengera setifiketiyo, amaikonzanso yekha inde, koma Dovecot ndi Postfix amapitiriza kugwiritsa ntchito yakale ija mpaka mutawachita reload, ndiye ikani deploy hook (lamulo limene Certbot amayendetsa akatenga setifiketi yatsopano) yochita zimenezo, kupanda apo tsiku lina m'mawa mafoni onse a mu ofesi ayamba kudandaula nthawi imodzi abwana n'kukuimbirani musanamwe ndi tiyi yemwe. Dzina la pa setifiketi lifanane ndi dzina la seva limene anthu alemba mu foni, osawapatsa IP.

Kuwerenga kokha sikukwanira, munthu ali kutali afunanso kuyankha. Port 25 isiyireni ma seva okhaokha, anthu anu azitumizira pa 587 kapena 465 atalowa ndi dzina ndi pasiwedi, ndipo Postfix atha kumafunsa Dovecot yemweyo kudzera mu SASL, njira yotsimikizira dzina ndi pasiwedi, kuti musamasunge mapasiwedi malo awiri. Musayerekeze kulola aliyense kutumiza osalowa, a spam akuipeza seva yanuyo mosachedwa ndipo IP yanu ikalowa pa blacklist kuichotsapo ndi ntchito yowawa. SPF ndi DKIM, zimene zimatsimikizira kuti kalata yachokeradi kwa inu, ikaninso, Gmail inakhwimitsa malamulo mu February 2024, kalata yopanda chilichonse mwa ziwirizi imatha kubwezedwa. Fail2ban, amene amatsekera kunja IP yolakwitsa pasiwedi kambirimbiri, naye asasowe, mukatsegula ma log muona nokha momwe anthu osawadziwa amayesera mapasiwedi usiku ndi usana.

Ena amanditsutsa kuti nanga magetsi akazima, makalata onse ali pa seva, anthu awerenga bwanji? Funso labwino ndithu. Makalata obwera satayika, seva yotumiza imayesabe kwa masiku angapo (Postfix amadikira masiku 5 asanagonje), koma anthu anu akhala osawerenga zatsopano mpaka magetsi atayaka. Ngati ofesi ilibe inverter ndi mabatire odalirika, lipirani VPS (seva yobwereka pa intaneti) basi, seva isakhale pansi pa desiki ya ku reception.

Ndipo musanamize abwana kuti IMAP ndi backup. Munthu akafufuta foda pa foni, yafufutika paliponse nthawi yomweyo. Maildir yonse izikopedwa usiku uliwonse kupita ku makina ena a kunja kwa ofesi, ndipo kamodzi pa mwezi tengani bokosi limodzi muyese kulibwezeretsa muone ngati makalata akutseguka.